Sapitwa: Nsonga Imene Makolo Adati Sikupitidwa

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda miyambo yathu amene mumawerenga tsamba lino, landirani moni kuchokera kuno ku Muloza, m'dera la Mfumu Yaikulu Njema, kumene Malawi amathera ndipo Mozambique amayambira.

Sabata yathayi mmodzi wa inu, amene ali ku sukulu ya ukachenjede, adandiimbira lamya usiku. Atatha kufunsa za mawondo angawa ndi za agogo ake aakazi, adati: "Agogo, ine ndi anzanga tapangana zokakwera Sapitwa. Kodi za mizimu zija n'zoona, kapena zidali zongoopsezera ana?" Ndidamuyankha kuti funso lotere siliyankhidwa pa lamya, mayunitsi angathe nkhani isanafike pakati. N'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe zimene ndikudziwa. Zina ndidaziwerenga m'mabuku a mbiri, zina ndidazimva pakamwa pa akuluakulu, ndipo zina ndidaziponda ndi mapazi angawa. Safunsa adadya phula. Iwe wafunsa, tsono tchera khutu.

Tiyambe ndi dzinalo, pakuti uphunzitsi ndi nthenda yosachira. Tsinde la dzina la Sapitwa ndi mneni uja wakuti pita. Koyambirira kwake kwaphatikizidwa sa- wokana, ndipo kothera kuli -wa wosonyeza kuchitidwa. Tanthauzo lake ndi malo amene sapitidwa. Tsono onetsetsani apa. Makolo akadafuna kunena kuti nsongayo n'njosatheka kuifika, akadati sikupitika, monga tinenera za msewu wamatope m'dzinja. Iwo sadatero, adati sikupitidwa. Oyambawo ndi mawu a munthu amene wayesa nalephera, koma achiwiriwo ndi mawu a lamulo. Amene adatcha dzinali ankadziwa kuti miyendo ya munthu ingathe kufikako, koma adagwirizana kuti isamafikeko.

Chimene timachitcha phiri la Mulanje si phiri limodzi ayi, ndi mudzi wa mapiri, wokuta malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 650. M'munsi muli minda ya tiyi. Kuchokera pamenepo matanthwe amaima chilili ngati zipupa, ndipo pamwamba pa zipupazo, pa mamita pafupifupi 2,000, pali zidikha za udzu: Lichenya, Chambe, Thuchila, Sombani ndi Ruo. Pa zidikhazo ndi pamene pamayambiranso nsonga zina, zokwana ngati 20 zopitirira mamita 2,500, ndipo mfumu yazo ndi Sapitwa, wa mamita 3,002. M'Malawi monse mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Akatswiri a za miyala amati zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo chiphalaphala chamoto chidakwera kuchokera pansi pa dziko, koma sichidaphulike. Chidazizira chili m'kati momwemo. Mvula ya zaka zosawerengeka idakokolola miyala yofewa imene idachikuta, n'kusiya gwa cholimbacho chili poyera.

Ife a ku Muloza tili kumbali kumene phiri limalandirira mvula. Nsonga imene imatiyang'ana tikatsegula chitseko m'mawa ndi Manene. Sapitwa ali m'kati, kuseri kwa anzake. Mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja yamchere ikawoloka Mozambique imadzagunda zipupa zathuzi, imakwera, imazizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza. Imeneyi ndiyo chiperoni, ndipo dzinalo lidachokera ku phiri la Chiperone, limene lili kum'mwera kwathu kuno, tsidya la malire, kumene akuluakulu ankaona mitamboyo ikuchokera. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chimatha kukhala masiku atatu kapena asanu osaphwa. Madzi amenewo ndiwo amabala Ruo, Muloza, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila, imene imathira mu Shire kudzera mu Ruo pa Chiromo, komanso Phalombe ndi Sombani, imene imalowera ku Nyanja ya Chilwa. Musaiwale chiperonichi, pakuti ndicho mwini nkhani yathu yonse.

Akuluakulu ankati eni phiri oyamba adali Akafula, anthu aafupi, alenje odziwa uta, amene ena amawatcha Abatwa. Dzina lawo lina ndi Amwandionerapati, chifukwa amati ukakumana ndi mmodzi amakufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Wanzeru ankayankha kuti, "Ndakuonerani patali, muli uko," pakuti kunena kuti wamuonera pafupi kudali kumunyoza kuti ndi wamfupi, ndipo muvi unkatsatira. Amang'anja atadzaza chigwa ndi makasu awo, Akafulawo adazimirira, koma m'maganizo a anthu sadachoke m'phirimo. Adasanduka mbali ya mizimu imene imalisunga. Kumbali ya Likhubula kuli Dziwe la Nkhalamba, amodzi mwa malo amene anthu ankathirako nsembe mvula ikavuta.

Malamulo a m'phiri amene ine ndidawamva ndili mwana adali awa, ngakhale mudzi uliwonse unkawonjezerapo ake. Usakwere wekha. Usafuule, ndipo usaitane mnzako ndi dzina mokweza. Usanyoze phiri, kapena kudzitama kuti lero ndithana nalo. Ukapeza chakudya chokonzedwa kale panjira, kaya nthochi zakupsa kaya nsima yotentha, khala pansi udye mwaulemu, osaitana anzako, osatengako kupita nacho kumudzi. Nkhungu ikatsika, khala pomwepo, pakuti eni ake atseka chitseko. Ine ndidaphunzira ku koleji ya aphunzitsi, ndipo kwa zaka zingapo ndinkaseka zonsezi pamaso pa ana a m'kalasi. Za nsima yotentha sindidaionepo. Koma za malamulo enawo ndidaleka kuseka mu 1979, monga mumve kutsogoloku.

Mzungu woyamba kulemba za phirili amene mbiri imamutchula kawirikawiri ndi David Livingstone, amene adaliona mu 1859 pa ulendo wake wa ku Nyanja ya Chilwa pamodzi ndi John Kirk. Nthawi imeneyo dziko lidali litayamba kale kugwedezeka. Ayao ankatsika kuchokera kumpoto cha kum'mawa, ndipo m'zaka zotsatira mafumu monga Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu adakhazikika mozungulira phiri. Mpata umene uli pakati pa Mulanje ndi Michesi udasanduka njira ya malonda a minyanga ndi akapolo opita ku Quelimane. Ambiri amene ankathawa nkhondo zimenezo ankabisala m'mapanga ndi m'nkhalango za m'mbali mwa phiri. Ndimaganiza kuti mwina n'chifukwa china chimene nkhani za chakudya chopezeka panjira zidamerera mizu: m'phiri mudalidi anthu obisala, ndipo wobisala safuna kuti wopeza mphika wake aitane khamu. Awa ndi maganizo anga chabe a munthu wokalamba.

Kenaka adadza Angerezi ndi Apwitikizi, aliyense akuti dzikoli n'langa. Mu 1889 Serpa Pinto adamenyana ndi Amakololo kufupi ndi Ruo, ndipo mu Januwale 1890 boma la Britain lidalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake. Pangano la mu Juni 1891 lidati malire atsate mtsinje wa kum'mawa kwenikweni mwa yonse yothira mu Ruo, kenaka atsate Ruo mpaka ku Shire. Mtsinje umenewo ndi Muloza wathu yemweyu, amene amayi anu ankachapamo zovala. Anthu amene adasaina ku Lisbon sadaumwepo madzi ake, koma kuchokera tsiku limenelo mkamwini wa tsidya lino ndi apongozi a tsidya ilo adakhala a maiko awiri. Mu 1893 boma la Harry Johnston lidamanga Fort Lister pa mpata uja kuti litseke njira ya akapolo, lidamanganso Fort Anderson mbali inayi ya phiri, ndipo mu 1895 Matipwiri adagonjetsedwa.

Chaka cha 1891 chomwecho chidabweretsanso zinthu zina ziwiri zimene zidasintha phirili kuposa mfuti. Choyamba ndi tiyi. Henry Brown, amene adalimapo khofi ku Ceylon, adadzala tiyi ku Mulanje kuchokera ku mitengo ya ku Blantyre Mission, ndipo khofi atalephera, tiyi adafalikira m'munsi monse mwa phiri kumene chiperoni chimanyowetsa nthaka. Tiyi amafuna manja ambiri. Manjawo adachokera tsidya ilo: Alomwe, makolo athu, amene ankathawa msonkho, chibalo ndi njala mu ulamuliro wa Apwitikizi, makamaka kuyambira cha m'ma 1900. Agogo anga aakazi ankasimba kuti adawoloka Muloza ali kamtsikana, amayi awo atasenza mphika, mphasa ndi timitengo ta chinangwa todzala. Adapatsidwa pokhala pa esiteti, koma malipiro ake adali thangata: mwezi umodzi kugwirira malo, mwezi wina kugwirira msonkho, ndipo mwezi wa thangata sunkawerengedwa ndi kalendala koma ndi tikiti ya kapitawo. Walira mvula walira matope. Thangata adathetsedwa mwalamulo mu 1962, koma nthaka yabwino ya m'munsi idatsala ndi tiyi, ndipo anthu atachuluka adayamba kukwera ndi makasu m'mbali mwa phiri.

Chachiwiri ndi mkungudza. M'chaka chomwecho Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito pansi pa Johnston, adakwera phiri ndi kutenga nthambi za mtengowu, ndipo asayansi adautcha Widdringtonia whytei potsata dzina lake. Makolo athu adali ataudziwa kale, koma dzina lawo silidalowe m'buku. Mkungudza weniweni wa Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi. Umakula pang'onopang'ono m'zigwa zozizira za pamwamba, thabwa lake limanunkhira, chiswe sichiliboola, ndipo silifulumira kuola ngakhale m'madzi. N'chifukwa chake lidapita ku madenga a nyumba za boma ku Zomba, ku zitseko, ku mabokosi, mpaka ku mabwato a pa Nyanja ya Malawi. Mu 1927 phiri lidaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa ndi boma. Anthu a m'midzi adaloledwa kukwera ngati ocheka matabwa ndi osenza. Amene sadaonepo munthu akutsika Mulanje ndi thabwa lalitali kuposa iye mwini kawiri, lili pamutu, mapazi opanda nsapato akugwira thanthwe lonyowa, sadziwa mtengo wake wa chitseko cha mkungudza.

Mu 1949 kudachitika ngozi imene idamveka kutali. Laurens van der Post, wolemba mabuku wa ku South Africa, adatumidwa kudzaona ngati zidikha za Mulanje ndi Nyika zingathandize pa ulimi. Adayenda ndi mkulu wa zankhalango wachinyamata, Fred France, amene ankakhala pa Chambe ndi mkazi wake ndi khanda. Chiperoni chidawapeza kumtunda kwa Ruo, mitsinje idadzaza, ndipo poyesa kuwolotsa chingwe pamwamba pa mathithi, France adakokoloka. Van der Post adalemba nkhaniyi m'buku lake la Venture to the Interior, atasintha dzina la malemuyo, ndipo kanyumba ka pa Chambe kamatchedwabe France's Cottage. Malo a ngoziyo sali kutali ndi kuno. Chimene chimandiwawa n'chakuti pa maulendo onse otere padali amuna athu ambirimbiri osenza mahema, zakudya ndi zofunda, amene ankadziwa kununkhiza mvula isanagwe, koma maina awo adapita ndi mphepo. Patapita zaka zochepa kudakhazikitsidwa kalabu ya okwera mapiri imene lero ndi Mountain Club of Malawi. Mu 1977 Frank Eastwood ndi Ian Howell adakwera ndi zingwe chipupa cha kuzambwe cha Chambe, cha mamita pafupifupi 1,700, ndipo Eastwood adalemba buku lolondolera njira za m'phiri limene alendo adaligwiritsa ntchito zaka zambiri.

Tsono ndifike pa ulendo wanga. Mudali mu Ogasiti 1979, pa tchuthi chachikulu, ndili mphunzitsi wa zaka zosakwana 30, wodzadza ndi jogalafe ya m'buku. Ine ndi mphunzitsi mnzanga tidapempha amalume, amene adakalambira pa sowo yocheka mkungudza, kuti atiperekeze. Adatiyang'ana nthawi yaitali, makamaka nsapato zathu zachikopa zopitira ku sukulu, n'kunena kuti, "Mphwanga, ndikuperekezani, koma m'phiri mphunzitsi ndine." Tidasenza ufa, matemba, makaka, mchere, poto mmodzi, mabulangeti ndi machesi otsekera m'botolo. Tidadzera ku minda ya tiyi ya Lujeri, n'kuyamba kukwera njira ya ku Madzeka, imene ili ndi malo ena oti ukwere pa makwerero amitengo, mathithi akulindima pambali pako. Pofika pamwamba nsapato zathu zidali m'manja. Tsiku lachiwiri tidadutsa zidikha kulowera ku Chinzama ndi ku Thuchila, udzu wofiirira uli tayale, timitsinje tamadzi ozizira ngati akuluma mano, ndipo m'zigwa mudali mikungudza yaitali, ndere zikulendewera m'nthambi ngati ndevu za nkhalamba. Nyumba ya Chisepo, imene okwera amagonamo masiku ano, padalibe. Ife tidagona m'phanga limene amalume ankalidziwa, m'munsi mwa msana wa Sapitwa.

M'mawa mwake kudacha mbee, nsonga ikuoneka ngati ungaigwire ndi dzanja. Amalume adatuluka, adayang'ana kum'mwera, n'kubwerera kudzakhala pamoto. "Lero sitikwera," adatero. Mnzanga adakwiya, ine ndidayamba kufotokoza za nyengo monga tidaphunzirira. Iwo adangosonkhezera moto. Dzuwa lisanafike pamutu nkhungu idatulukira m'zigwa, ndipo posakhalitsa sitinkathanso kuona mwala umene tidaanikapo bulangeti. Galu wamkota sakandira pachabe.

Chakumadzulo madzi adatithera. Kamtsinje kadali pafupi, masitepe osapitirira 40, ndipo ndidatenga botolo osauza munthu. Ndidatunga bwinobwino. Potembenuka, phanga padalibe. Kumanzere kuyera, kumanja kuyera, miyala yonse yofanana. Ndidayenda kumene ndinkati ndi kwathu, ndipo sikudali kwathu. Mantha atandigwira ndidaiwala lamulo, ndidafuula dzina la mnzanga. Iye adayankha, koma mawu ake adandifika kuchokera mbali zitatu, pakuti matanthwe ankawabweza, ndipo amene ankamveka kwambiri adali a kutsogolo kwanga. Ndidayamba kuwatsata. Pamenepo ndidamva kugogoda kwa poto, ngwe, ngwe, ngwe, pang'onopang'ono, kosalekeza, ndi mawu a amalume kamodzi kokha: "Khala pansi pomwepo!" Ndidakhala. Adandipeza akukwawa, akugogodabe potoyo kuti mnzanga, amene adamusiya pakhomo pa phanga akugogoda mwala, asasowe kumene ali. Sadandikalipire. Nkhungu itaphwa patapita masiku awiri, adanditengera pamene ndidakhala paja. Botolo langa lidali pomwepo, ndipo masitepe asanu kutsogolo kwake thanthwe lidathera m'malere.

Tsono iwe wofunsa, taona. Usakwere wekha: ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Usafuule: m'nkhungu mawu amanama. Nkhungu ikatsika khala pansi. Usadzitame, pakuti wodzitama ndiye amakana kubwerera. Kaya malamulowa adaperekedwa ndi mizimu, kaya adagulidwa ndi miyoyo ya alenje amene sadabwerere kwawo, ine ndilibe nazo mkangano.

Tidakwera tsiku lachisanu, ufa utatsala wa nsima imodzi. Tidanyamuka kusanache, udzu uli wouma ndi chisanu, ukuthyoka pansi pa mapazi. Njira ya Sapitwa si yoyenda chilili. Poyamba pali matanthwe osalala otsetsereka, oti ukwere ndi manja ndi mapazi ngati nyani, ndipo akanyowa amaterera ngati therere. Kenaka umalowa m'chipwirikiti cha miyala ikuluikulu ngati nyumba, yosanjikizana, pena umadutsa pansi pake chokwawa, pena umapanikizika pakati pa iwiri mpaka kutulutsa mpweya. M'mipata muli timitengo topindikapindika tokutidwa ndi ndere. Kangapo konse umaona nsonga n'kuti tafika, koma ukafikapo ina imatulukira kuseri. Mpweya umachepa, mtima umagunda m'makutu. Titatsala pang'ono, amalume adaima, adavula chipewa, adatapa kaufa pang'ono n'kuika pansi pa mwala. "Ine ndathera pano, mphwanga. Pitani, mukaone msanga, musakachedwe." Zaka zonse zimene adakhala m'phirimo sadapondepo pamwamba penipeni, ndipo sadafune.

Pamwambapo tidapeza chizindikiro cha oyeza malo ndi mphepo yoluma. Kumpoto Nyanja ya Chilwa inkanyezimira ngati lata, ndi phiri la Zomba chapatali. Kum'mwera minda ya tiyi idali ngati mphasa yobiriwira, ndipo kuseri kwake mapiri a Mozambique adandandalika mpaka kumene maso adalekera. Ndidafunafuna malire aja a 1891, amene ndinkawajambula pa bolodi ndi choko chofiira chaka ndi chaka. Sindidawaone. Tidakhalapo mphindi zosakwana 20.

Zimene zidatsatira mudazimva kwa makolo anu. Mu 1984 Dr. Kamuzu Banda adalengeza kuti mkungudza ndiwo mtengo wa fuko. Mu 1986 nkhondo ya ku Mozambique idafika pa Milange, ndipo anthu zikwizikwi adawoloka Muloza monga adawolokera agogo anga, atasenza zomwezo. Tidawalandira, pakuti ambiri adali abale athu, ndipo m'makalasi mwathu ana ankakhala mpaka pakhomo. Onsewo ankafuna nkhuni, mitengo yomangira ndi pokhazika khasu. Nkhalango ya Chisongeli, imene idakuta mapiri a kumtunda kwathu kuno ndipo idali imodzi mwa nkhalango zowirira zazikulu koposa m'dziko muno, idatha mbali yaikulu m'zaka zimenezo. Pali ena amakonda kuloza chala othawa nkhondo okha. Ine ndidalipo: nkhwangwa zathu zidalowamo iwo asanabwere, ndipo mtendere utabwera mu 1992, iwo n'kubwerera kwawo, zathuzo sizidatuluke.

Mu Malichi 1991 Napolo adatsika m'phiri la Michesi ndi kukokolola midzi ya ku Phalombe, anthu mazanamazana n'kufa. Makolo amati Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chimasamuka kupita kunyanja; a sayansi amati ndi dothi lokhuta madzi limene limasiyana ndi thanthwe n'kutsika ndi miyala. Onsewo amagwirizana pa chimodzi, chakuti amadzera njira yake yakale. Madzi saiwala khwawa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adatikumbutsa zomwezo. Ku Nkhulambe, kuseri kwa phiri lomweli, kudagwa mvula yopitirira mamilimita 1,000 m'masiku anayi, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 adataya miyoyo. Usiku umenewo tidamva miyala ikugundana mu Muloza ngati mabingu a pansi. Dimba langa la nthochi, limene ndidalilima kuyambira ndisanapume pa ntchito, lero ndi bwalo la miyala yoyera. Mvula yotere ikadagumula ngakhale phiri lovala nkhalango, koma phiri lovula limagumuka msanga ndiponso malo ambiri.

Nayenso Sapitwa sadaleke kutenga anthu. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands, amene ankagwira ntchito pa chipatala kuno ku Mulanje, adakwera yekha ndipo sadapezeke mpaka lero. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, wophunzira kwambiri za chuma, adasiya womulondolera m'munsi kuti akwere yekha mofulumira. Nyengo idasintha, ndipo thupi lake lidapezeka patapita pafupifupi milungu itatu. Mnzake Fellipe Barbosa adapanga kanema wa nkhaniyi mu 2017. Onse awiri adali achinyamata amphamvu, ophunzira kuposa ine.

Za mkungudza ndilemba mtima ukuwawa. Lamulo linkalola kucheka mitengo youma yokha, tsono anthu adaphunzira kuumitsa yaiwisi, poisenda khungwa kapena kuitentha. Moto wa alenje unkapsereza timitengo tating'ono chaka ndi chaka, nsabwe za mitengo zimene zidalowa m'dziko m'zaka za m'ma 1980 zidafooketsa ina, ndipo paini wa ku Mexico amene adadzalidwa pa Chambe adafalikira m'malo mwake. Otsiriza adali odula mozemba. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri lonse. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a zankhalango ndi midzi yozungulira, adzala mbande mazana a zikwi, koma mkungudza umene amalume ankaucheka udali utaona mibadwo ingapo ya anthu, ndipo mbandezo zimafuna kulindidwa ku moto chilimwe chilichonse. M'nkhalango yotsala ya ku Ruo muli kananzikambe kosapezeka kwina, kamene asayansi adakatcha Nadzikambia mlanjensis. Apa pokha dzina la makolo lidalowa m'buku.

Mu 2000 bungwe la UNESCO lidazindikira phirili ngati malo osungirako zachilengedwe, ndipo mu Julaye 2025 lidalilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi, lachitatu m'Malawi pambuyo pa paki ya Nyanja ya Malawi ndi zojambula za ku Chongoni. Chimene chidandigwira mtima n'chakuti adalilemba chifukwa cha chikhalidwe, ndiko kuti miyambo ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, zomwe zija ine ndinkaziseka m'kalasi. Komabe pansi pa udzu wa Lichenya pali miyala ya bauxite, imene idadziwika kuyambira 1924, ndipo m'badwo uliwonse pamabwera wina wofuna kuikumba pamwamba pa akasupe amene timamwa, amenenso kuyambira 2019 amamwetsa mbali ina ya Blantyre kudzera m'mapaipi a ku Likhubula. Nkhani imeneyo idzafuna tsamba lakelake.

Tsono mdzukulu wanga, sindikuletsa. Ukalembetse ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, ukatenge wolondolera wa konkuno, ndipo ukamulipire bwino osanyinyirika, pakuti ndi mdzukulu wa amuna aja osatchulidwa maina. Sankha miyezi ya chilimwe mvula isanayambe, ukagone pa Chisepo, ukanyamuke kusanache, utatenga chovala cha mphepo, tochi ndi chakudya cha tsiku lina lapadera. Akakati tibwerere, ukabwerere, ngakhale nsonga ikuoneka pamphuno. Koma usanakwere udzere kuno ku Muloza, agogo ako aakazi akufuna akuphikire kalongonda, ndipo ine ndidzakutsegulira bokosi limene amalume adandipalira nditalandira satifiketi ya uphunzitsi, kuti udzadziwe fungo la mkungudza. Pochoka pa Chisepo, ngati miyendo ikadakulola, ukapemphe wolondolera akudutsitse ku Thuchila. M'chigwa cha kumanzere kwa njira yochokera ku Chinzama mudali mikungudza itatu yoimirira pamodzi, pamene tidapumira ndi kudya makaka mu 1979. Ukandijambulire chimene ukapezepo, ngakhale zitakhala zitsa.